Fani ya Wailesi ya Mesenji ku Marka

Ananditumiza ku Marka ndili ndi zaka makumi atatu, nditagwira kale unamwino ndi uzamba pa boma la Chikwawa. Kwathu ndi kuchigwa komweko, ndiye kutentha sikunali kwachilendo kwa ine, koma dzuwa la ku Marka linandionetsa kuti nalonso lili ndi akuluakulu ake. Nkhondo ya ku Mozambiki inali itafika povuta. Anthu ankaoloka malire tsiku ndi tsiku, ena atasenza mphasa ndi mapoto, ena chimanjamanja, ndipo misasa yawo inazungulira kachipatala kathu mpaka kukafika ku mitengo ya nimu ya kunjanji.

Kachipatalako kanali ka zipinda zinayi, denga la malata lopanda siling'i. Odziwa mankhwala tinalipo awiri: ine ndi bambo wina wachikulire, wothandizira dokotala, amene aliyense ankangowatchula kuti adokotala. Magetsi kunalibe, telefoni kunalibe. Chimene chinkatilumikiza ndi chipatala chachikulu cha pa boma la Nsanje chinali wailesi ya mesenji, yoyendera batire ya galimoto imene inkadzazidwa ndi sola imodzi ya padenga. Mayi akalephera kubereka, kapena mwana akatha magazi, ndinkakhala pa wailesipo n'kuitana ambulansi.

Wailesiyo inkakhala m'kabati yachitsulo yokhoma ndi loko, yomangiriridwa kukhoma, ndipo makiyi ankasunga adokotala. Masiku amenewo wailesi yolankhulira sichinali chinthu choseweretsa, makamaka pamalire. Kutsogolo kwa kabati kunali kazenera kongokwanira dzanja ndi chingwe cha cholankhulira. Kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, kabatiyo inkasanduka uvuni. Mmawa wailesi inkalankhula bwinobwino. Dzuwa likafika paliwombo mawu ankayamba kusasa, kenako kunkangomveka phokoso ngati la mafuta pamoto, kenako zii, mpaka madzulo. Tinkayala nsalu yonyowa pamwamba pa kabati, koma inkauma tisanamalize n'kupereka moni komwe kwa anzathu a ku Nsanje.

Tsiku lina mu Okutobala anabwera naye pamachira mtsikana wa mimba yoyamba, mwana atapingasa. Inali cha m'ma wani koloko masana. Ndinaitana Nsanje mpaka kukhosi kunauma, wailesi osayankha. Tinatuma munthu panjinga, ndipo ambulansi inafika dzuwa litapendeka. Mtsikanayo anapulumuka, mwana ayi. Pamaso pa anthu sindinalire, koma nditabwerera m'chipinda cha wailesi ndinamenya kabati ija ndi chikhatho, chikhathocho n'kupsa.

Pabenchi ya pakhonde, moyang'anana ndi khomo la chipindacho, pankakhala bambo wina wothawa nkhondo amene ankabwera mmawa uliwonse kudzatsukitsa bala la kuphazi. Anali wamtali, wosalankhulalankhula, wa zaka ngati makumi anayi. Anzawo akathandizidwa ankapita, koma iwo ankatsalira pamthunzi chifukwa kumsasa kwawo kunalibe wowadikira. Mawa lake, ndikuwamanga bandeji, anandiuza motsitsa mawu.

"Wailesi yanu sinafe, anesi. Ikupisa basi."

Kupisa m'Chisena ndiko kutentha. Ndinawayankha mosakondwa kuti zimenezo ngakhale mbuzi za pa Marka zikuzidziwa. Sanakhumudwe. Anafotokoza kuti kwawo ku Mutarara anagwira ntchito zaka zambiri kunjanji, kukonza mawailesi ndi magetsi olondolera sitima, ndipo kuti wailesi ya mtundu wathuwu ikatentha kwambiri imadzichepetsa yokha mphamvu kuti isapse. Mankhwala ake, anatero, si nsalu yonyowa koma kutulutsa mpweya wotenthawo m'kabati. Kenako anamasula kathumba ka chiguduli n'kutulutsamo chinthu chokulunga mu duku lachikazi. Inali mita yoyezera magetsi, ya singano. N'chokhacho chimene anathawa nacho.

Adokotala anamva nkhaniyi atagwira chibwano. Ankaopa, ndipo sindinawaone olakwa, pakuti munthu ankatha kusowa pa nkhani yochepa kuposa imeneyi. Anapita kukaonana ndi tcheyamani wa chipani wa m'dera lathu, bambo wogulitsa nsomba zouma za makakana amene akazi awo ndinali nditawabereketsa. Yankho linabwera lotere: mlendo asakhudze wailesi ya boma, asalowe n'komwe m'chipinda chake, koma kabati si wailesi, ndipo khonde ndi la aliyense. Choncho tinagwirizana kuti amisiri, monga tinayamba kuwatchulira, azipangira zinthu zawo pakhonde, ndipo chilichonse cholowa m'kabati chizilowa ndi manja anga. Ndi mmene mzamba anaphunzirira kuwotcherera mawaya ndi mtovu.

Tinkayamba odwala akatha, cha m'ma fili koloko, patebulo lomwe mmawa tinkakwezerapo ana sikelo. Choyamba anajambula kabati kumbuyo kwa khadi lakale la sikelo. Mpweya wotentha umakwera m'mwamba, anatero, choncho tiboole mabowo ang'onoang'ono m'munsi olowera mpweya, ndi limodzi lalikulu pamwamba pomwe fani izikokera kunja. Mabowo a m'munsiwo tiwatchinge ndi sefa wa udzudzu kuti fumbi lichepe, ndiponso mavu ndi abuluzi asapezemo nyumba. Tsiku loboola, adokotala anatseka chitseko, natulutsa wailesi n'kukhala nayo pamiyendo ngati khanda, thukuta lili kamukamu, ine ndikukhoma chitsulo ndi msomali waukulu ndi hamala. Zinanditengera masiku awiri, ndipo m'manja munatuluka matuza.

Dalaivala wa ambulansi anatibweretsera mota ya fani kuchokera m'galimoto ina yakufa ya ku Nsanje. Mapiko ake amisiri anadula pa chitini cha mafuta ophikira omwe ankagawira othawa nkhondo. Ankawaika pansonga ya msomali kuona mbali yolemera, n'kusenga pang'ono, n'kuikanso, mpaka anakhazikika osapendama. Tinalumikiza faniyo ku batire kudzera pa swichi. Nditayatsa, mphepo yotentha inatuluka pamwamba pa kabati n'kundiwomba kumaso, ndipo tsiku limenelo ndinalankhula ndi Nsanje masana dzuwa lili nye, kwa nthawi yoyamba chiyambire nyengo yotentha.

Chimwemwe chathu chinatha sabata yomweyo. Lachisanu ndinayatsa fani masana, kenako anandiitana kuchipinda cha amayi, ntchito n'kuchuluka, ndipo ndinaweruka osaizimitsa. Loweruka mmawa batire inali itatheratu, ndipo sola inatenga masiku awiri kuti iidzutse. Ndinachita manyazi kwambiri. Amisiri atabwera Lolemba ndinawauza ndili chowerama, koma iwo anati wolakwa si ine, ndi swichi imene imafuna munthu woikumbukira pamalo pomwe munthuyo ali ndi miyoyo ya anthu m'manja. Fani, anatero, iyenera kudziwa yokha nthawi yoyaka ndi yozima.

Anatumanso dalaivala uja kuti akamasule m'galimoto yomwe ija kachitsulo konga bawuti, kamene kamakhala pa injini n'kumauza woyendetsa kuti madzi atentha. Kachitsuloko kakazizira kamakaniza magetsi kudutsa, kakatentha kamalola ochulukirapo. Kuti tidziwe khalidwe lake bwinobwino, tinakamiza m'kapu ya madzi, mawaya ake atalumikizidwa ku mita. Themometa ya odwala sinatithandize, pakuti imathera pomwe pamathera malungo a munthu, ndiye tinabwereka ya mufiriji ya parafini yosungira katemera, yozungulira ngati wotchi. Ine ndinkathira madzi otentha ndi supuni, pang'onopang'ono, n'kumatchula manambala a pa themometa m'Chingerezi, iwo akuyang'ana singano ya mita n'kumalemba akung'ung'udza m'Chipwitikizi. Tinasokonezana kangapo, mpaka tinagwirizana zowerengera m'Chisena ngati amayi a pamsika. Tsiku limenelo ndi lomwe ndinayamba kuwaona akuseka. Ankaseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka.

Zotsalazo zinachokera m'zinthu zakufa. Mathiranzisita awiri ndi kachopotokola ka voliyumu tinachotsa m'wailesi yomvera nyimbo imene inagwera m'madzi poolokera. Rile inali ya hutala ya galimoto. Rile ndi swichi imene magetsi ochepa amaikoka kuti idutsitse ochuluka. Anandifotokozera kambirimbiri mpaka ndinamva: kachitsulo kaja ndi kachopotokola zimagawana magetsi a batire, ndipo kachitsulo kakatentha, gawo lopita ku thiranzisita limakula mpaka thiranzisitayo imatseguka n'kukoka rile, rile n'kuyatsa fani. Kachopotokola ndiye kosankhira kuti zimenezi zichitike kutentha kukafika pati. Zonsezi tinaziyala pa kathabwa kongolingana ndi chikhatho, titakhomapo timisomali tolumikizirapo mawaya. Chowotcherera tinkachitenthetsa pambaula ya makala. Poyamba mtovu wanga unkangoundana ngati manyi a mbuzi. Kamodzi kokha anandigwira dzanja kuti andionetse kapendekedwe ka chowotcherera, ndipo atasiya, tonse awiri tinakhala kanthawi tikuyang'ana kathabwako ngati pali china chachilendo.

Titayesa ndi kapu ya madzi ofunda, rile inalira the, fani n'kuzungulira. Madzi atazizira inaliranso the, fani n'kuima. Koma titafunditsanso madzi sichinachitike chilichonse. Amisiri anayeza ndi mita, kenako anadzigwira pamphumi n'kunena kuti zaka za kumsasa zawadyera nzeru. Rile ikamasiya imabweza magetsi mwamphamvu ngati ng'ombe yomenya theche, ndipo pamafunika dayodi yowatchinga. Iwo anaiwala kuiika, thiranzisita imodzi n'kupsa. Ina tinalibe. Tinadikira masabata awiri kuti papezeke wailesi ina yakufa.

Bala lawo linali litapola kalekale, ndipo choti tiwotcherere panalibe, koma cha m'ma fili koloko ankafikabe, ine n'kupezeka kuti ndatulutsa kale tebulo. Ndinkabweretsa thobwa la mapira, iwo nthawi zina masau m'thumba la malaya. Anandiuza za mlatho wautali wa pa Zambezi, mmene ankauyendera wapansi mmawa mkokomo wa madzi uli pansi pawo, ndi za azungu amene anawaphunzitsa ntchito koma osawalola kudya nawo pagome. Ine ndinawauza za mwamuna amene anandisiya ku Chikwawa chifukwa chosabereka, nkhani imene pa Marka sindinauzepo munthu. Anamvetsera osandidula, osandipepesa mwachiphamaso. Za duku lija ndinachita kufunsa ndekha. Linali la akazi awo. Sabata imene nkhondo inalowa m'tauni mwawo, akaziwo anali atapita kutsidya la Zambezi kukadwazika mayi awo. Amisiri anadikira masiku atatu m'tchire, kenako anatsatira anthu othawira kumpoto. Chiyambire pamenepo sanamvepo kanthu, kaya ka moyo kaya ka imfa.

Thiranzisita itapezeka tinakonza kathabwa kaja, dayodi ili m'malo mwake. Ntchito yolowetsa m'kabati inali yanga. Kachitsulo komva kutentha kanafunika kumangidwa pa nthiti zachitsulo za kumbuyo kwa wailesi, pomwe pamatentha kwambiri, osati pafupi ndi mabowo a mpweya, chifukwa pamenepo kakananamizidwa ndi mphepo. Amisiri anaima pakhonde, zala zakumapazi zili pamzere wa khomo, n'kumandilondolera: kumanja pang'ono, mangitsani, waya wofiira asakhudze chitsulo. Adokotala ankayang'ana kumsewu.

Tsiku loyamba fani inayaka cha m'ma naini mmawa ndipo sinazime mpaka dzuwa kulowa. Tinali titasankha kutentha kochepa kwambiri, koti mpweya weniweniwo wa m'chipindamo unkakupitirira, ndiye fani ikanazungulira chotani sikanafika pozizira momwe tinkafunira. Ndinapotokola kachopotokola pang'ono, mawa lake pang'ononso, mpaka inayamba kuyaka dzuwa litakwera ndithu. Apo panabuka vuto lina. Kutentha kukafika pamalire penipeni, fani inkayaka, kachitsulo n'kuzizira pang'ono, fani n'kuzima, kachitsulo n'kutenthanso, ndipo rile inkangoti tetete ngati mano a wodwala malungo. Amisiri anamvera phokosolo ali pakhonde n'kunena kuti ikapitiriza choncho sitha mwezi. Anatenga khadi lija n'kuwonjezerapo mzere umodzi: karezisita, kachipangizo kochepetsa magetsi, kochokera ku rile kubwerera ku thiranzisita yoyamba. Ndinafunsa ntchito yake. Anandifunsa ngati ndimapita kumjigo nthawi iliyonse ndikatunga kapu imodzi mumtsuko. Ndinati ayi, ndimadikira madzi atsike, ndikapita n'kudzazitsa. Anati ndi zomwezo: fani iyake kutentha kukakwera ndithu, ndipo ikayaka isazime mpaka kutatsika ndithu, pakati pakhale mpata. Tinayesa marezisita atatu tisanapeze woyenera. Chotsiriza chinali phokoso la mota limene linkalowa m'mawu a wailesi ngati njuchi. Limenelo linatha titawotcherera kachipangizo kotchedwa kapasita pa mawaya a motayo.

Mvula isanagwe chaka chimenecho, ntchito inatha. Amisiri anayang'anira kabati ali pakhomo, fani ikudziyatsa ndi kudzizimitsa, n'kungoti, "Pyadidi," kutanthauza kuti zili bwino. Anakulunga mita yawo mu duku n'kutsika pakhonde.

Anatsegula kamalo kokonzera mawailesi pansi pa mtengo wa nimu pamsika, ndipo anthu a mbali zonse ziwiri za malire anawadziwa. Ankabwerabe kuchipatala Lamlungu masana tikachoka kutchalitchi, ndipo Seputembala aliyense ankaima pakhomo paja n'kundiuza zopukuta ndi zothira mafuta. Anthu anayamba kulankhula, monga amachitira. Adokotala anandiitana tsiku lina n'kundiuza mwaulemu kuti iwo saona choipa, kuti munthuyo ndi wakhalidwe, ndipo kuti ngati pakufunika ankhoswe a mbali ya mlendo, iwo alipo. Ndinaseka n'kuwauza kuti palibe nkhani, koma mawu awo anakhala nane sabata yonse.

Lamlungu lotsatira ndinalimba mtima. Tinali pakhonde tikusenda mbatata zowotcha, ndipo ndinawafunsa, maso ali pa mbatata, ngati akuganiza zokhala okha mpaka liti.

"Anesi, mkazi wanga sindinamuike m'manda. Ndikanamuika, bwenzi ndikudziwa choti ndikuyankheni, ndipo sindikanachedwa."

Sindinafunsenso. Lamlungu lina anabwera monga kale, ine n'kutulutsa tebulo monga kale, ndipo tinakhala choncho zaka zina ziwiri. Anthu ena angaone ngati zinali zaka zotayika. Ine ndikazikumbukira sindipeza zina zimene ndinakhala wokhazikika mtima kuposa zimenezo. Ndinkadziwa kayendedwe kawo ali patali, chifukwa phazi lija linasiya kutsimphina pang'ono. Ndinkadziwa kuti tiyi amamwa wopanda mkaka, ndiponso kuti akati takhuta, zikomo wa m'Chisena, kawiri ndiye kuti akufuna kunyamuka. Ndinawasokera malaya awiri. Iwo anandikonzera wailesi yaing'ono yakunyumba, nailembera ndi msomali pomwe pamamvekera nyimbo za kwawo.

Chaka cha chilala chachikulu, anthu akudya nyika, mizu ya kakombo wa kudambo, kunamveka kuti kutsidya asainirana za mtendere. Kwathunso kunali kutayamba manong'onong'o a zipani zambiri, ndipo tcheyamani uja anasiya kufunsa anthu makadi a chipani pamsika. Ku Nsanje kunali ofesi yofufuza abale otayana pankhondo, ndipo mauthenga ake ankadutsa pa mawailesi a zipatala. Amisiri anali atalembetsa dzina la akazi awo kumeneko kalekale. Tsiku lina masana, mu Novembala, ndili pa wailesi kuitanitsa mankhwala, wa ku Nsanje anandiuza kuti ndisatseke, pali uthenga wa munthu wa kwathu kuno. Anatchula dzina la amisiri, nalitchulanso pang'onopang'ono kuti ndilembe. Akazi awo apezeka. Ali moyo, ali kumudzi wina kutsidya la Zambezi, mayi awo anamwalira, ndipo akufunsa ngati mwamuna wawo adakali moyo. Mawu ankamveka bwino kwambiri, moti sindikanatha kunena kuti sindinamve. Ndinalemba zonse, ndinabwereza kuti atsimikize, n'kuthokoza.

Pepalalo ndinalipinda n'kuliika m'thumba la yunifolomu. Pamsika panali pafupi, ulendo wosatha ngakhale mphindi khumi, koma sindinapite. Ndinadziuza kuti odwala achuluka. Mawa lake ndinadziuza kuti ndidikire Lamlungu, abwera okha. Ndinagwira ntchito masiku awiri pepalalo likundikhudza pantchafu ndikawerama, ndipo palibe amene ankadziwa, ngakhale adokotala. Ndikanatha kuling'amba. Mauthenga ankasochera nthawi zambiri, ndipo palibe akanandifunsa. Sindinganame kuti maganizo amenewo sanandifike. Tsiku lachitatu mmawa anabwera kusikelo mayi wina wothawa nkhondo, n'kundifunsa, monga ankafunsira mwezi uliwonse, ngati wailesi yanena kanthu za mwana wake wamkulu. Nditamuyankha kuti ayi, ndinaona mmene anamangira kamwana kake kumsana n'kumapita. Ndinasiyira adokotala mzere wa odwala n'kupita kumsika.

Ndinawapeza ataweramira wailesi ya munthu. Ndinawapatsa pepalalo n'kuwauza kuti linabwera dzana. Anawerenga kawiri, milomo ikuyenda, kenako anakhala pansi padothi, osati pampando. Sanafunse chifukwa chimene ndinachedwera, ndipo ndikhulupirira kuti anachidziwa. Atakweza maso anati, "Takhuta, anesi," kamodzi kokha.

Sananyamuke nthawi yomweyo. Misewu ya kutsidya inali idakali ndi mabomba okwirira, ndipo anadikira mpaka atapeza anzawo otsika ndi bwato pa Shire. M'masabata amenewo anamaliza mawailesi onse a anthu omwe anali nawo, nabwera kuchipatala ndi pepala loyera lomwe anajambulapo mwaudongo kathabwa kathu konse, waya uliwonse, ndi zoyenera kuyang'ana fani ikakana. Analemba m'Chisena chosakaniza ndi Chimang'anja kuti ndisavutike. Anandiimika pakhonde n'kundifunsa mafunso ngati mayeso: rile ikamalira koma fani osazungulira, vuto lili pati? Fani ikayaka osazima? Ndinayankha onse. Anati tsopano ndine mmisiri, chongosowa ndi mita, koma imeneyo sangandisiyire. Ndinati ndikudziwa.

Tsiku lonyamuka ndinawaperekeza mpaka kudooko, pamodzi ndi adokotala ndi anthu ena a pamsika. Ndinawapatsa ufa wa mapira, mankhwala a malungo ndi nsalu imodzi yatsopano yoti akapatse akazi awo. Pamaso pa anthu onsewo tinangogwirana chanza, dzanja lamanzere litagwira chigongono, monga amachitira anthu olemekezana. Bwato linalowa m'mabango ndipo sanacheuke, kapena anacheuka mabango atatseka kale.

Ndinakhala ku Marka zaka zina zitatu. Misasa inaphwasuka umodzi umodzi, pamalo pake anthu n'kudzalapo mapira. Fani ija inandivuta kamodzi kokha, mota itauma mafuta, ndipo ndinaikonza ndekha. Nditasamutsidwa kubwerera ku Chikwawa ndinasiya pepala lija litamatidwa mkati mwa chitseko cha kabati, poganiza kuti ndi la chipatala. Ndinadandaula ndili m'basi, tisanafike n'komwe ku Bangula, koma kubwerera kukatenga pepala kukanaoneka ngati misala. Pambuyo pake ndinamva kuti anabweretsa wailesi yatsopano, kabati yakaleyo n'kukhala yosungiramo mafayilo. Ndinakwatiwa ndi mphunzitsi wina wamasiye, munthu wabwino, ndipo tinalera ana ake atatu mpaka anakula. Za ku Marka ndinamuuza zonse, kupatula masiku awiri aja.

Nditapuma kale pantchito, amayi a mpingo wathu tinapita kumaliro kutsidya kwa malire, kwawo kwa mnzathu wina wa m'kwaya. Tinakwera njinga za kabaza kuchokera pa Marka. Kachipatala kaja ndinakaona patali, atakapaka utoto wina ndi kuwonjezera nyumba ziwiri, ndipo sindinatsike. Kumaliroko, titaika thupi, ndinakhala pamphasa pafupi ndi bambo wina wokalamba amene ankati anagwirapo ntchito kunjanji ku Mutarara. Ndinazengereza, kenako ndinamutchulira dzina la amisiri. Anawadziwa. Anati anapezana ndi akazi awo, anabereka mwana wamkazi paukalamba, ndipo anasamukira ku Beira komwe kuli abale a akaziwo. Anawaona komaliza zaka zingapo zapitazo, tsitsi lonse litayera, maso atayamba kuchita khungu moti ntchito ya mawaya anaisiya. Bamboyo anati mdzukulu wake amapita ku Beira kukaoda katundu, ndipo ngati ndili ndi mawu akhoza kuwafikitsa.

Ndinaganiza nthawi yaitali, amayi anzanga akuimba nyimbo yotsazika. Mawu analipo ambiri, koma onse anali osayenera kudutsa m'kamwa mwa mdzukulu wa munthu. Ndinamuuza kuti akangonena kuti nesi wa pa Marka ali bwino, ndipo akupereka moni kwa amayi ndi kwa mwana. Bamboyo anabwereza mawuwo kuti asaiwale. Kenako anatiitana kuti akabaza akufuna kunyamuka dzuwa lisanapendeke, ndipo ndinafunafuna nsapato zanga pamulu wa nsapato za anthu. Ngati moniwo unafika, sindinamve.